TINAKAONA AMALUME KU HALALE

Ndi midzi yowerengeka m'dziko lathu lino imene ilibe mwana wake amene anatsalira ku Halale. Makolo athu ankautchula chotero mzindawo ngakhale pa masiku amene Azungu ankaulemba kuti Salisbury, kotero kuti pamene boma la Zimbabwe linasintha dzinalo m'chaka cha 1982 kuti likhale Harare, agogo ambiri kumudzi sanaonepo chachilendo. Anyamata ankapita kumeneko kukafuna ndalama ya msonkho, njinga, bulangete ndi jekete, nalonjeza kubwera zikatha zaka ziwiri. Ena anabweradi. Ena anakwatira konko, nabala ana, ndipo makalata awo anayamba kufika patalipatali kufikira analekeratu. Amenewa ndiwo timawatcha machona.

Mmodzi wa iwo ndi amalume athu, mlongo wawo wa amayi amene anabala mayi wa m'nyumba muno. Anachoka kwathu ku Dedza m'chaka cha 1961, pa nthawi ya Chitaganya, ali mnyamata wosakwatira. Kumudzi anaonekera komaliza mu 1993, pa maliro a amayi awo. Tsono monga mudziwa, kwa ife Achewa malume ndiye mwini mbumba: ndiye amene aimira ana a alongo ake pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Mbumba yathu yakhala zaka zonsezi mwini wake ali kutali, ndipo munda ndi dimba zimene anawasungira zinayamba kubala mikangano pakati pa adzukulu. Anyakwawa anafuna yankho. Amayi, amene tsopano ayenda ndi ndodo, anatiitana nati, "Nkhani ya mbumba siikambidwa pa lamya. Pitani mukamuone m'maso, mukamuuze kuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka." Umo ndimo tinanyamukira m'mwezi wa Ogasiti 2024.

Munthu akamveka kuti ali pa ulendo wa kunja, abale ake amachuluka. Sabata isanathe tinali ndi pepala lodzaza mbali zonse ziwiri: uyu afuna nsapato za ana a sukulu, uyu mapoto, uyu bulangete lolemera, ndipo pafupifupi aliyense anatchula chakumwa chija cha malalanje chotchedwa Mazoe. Kulemba kunali kosavuta. Chovuta chinali ndalama yakunja. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ku banki dola imodzi ya ku Amerika inali pafupifupi K1,750, koma kuti muipeze munayenera kupita ndi kubwera masiku angapo, tikiti ya basi ndi pasipoti zili m'manja. Tinasonkhanitsa madola okwanira zotumidwazo, ndi ena athuathu amene tinasungira makina osokera, pakuti mayi akhala akulakalaka makina kwa zaka zambiri. Ndalama ya mwini aliyense tinaikulunga m'kapepala kake ndi kulembapo dzina. Kumeneko sitinapite chimanjamanja: tinatenga mpunga wa kilombero, usipa wouma, nsinjiro, zitenje zitatu ndi ufa woyera umene amayi anakonola okha.

Basi inanyamuka ku Blantyre m'mamawa. Kuchokera kumeneko kukafika ku Harare ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo pa mapu uoneka waufupi, koma zipata za malire n'zinayi: Mwanza ndi Zóbuè polowa m'Mozambique, Cuchamano ndi Nyamapanda potuluka. Pa chilichonse mutsika, muima pamzere, adinda pasipoti, ndipo pena katundu yense atsitsidwa. Mmalawi safunika viza m'maiko awiriwa, komabe kudikira kokhako kumadya maora ochuluka kuposa amene munthu angayembekeze.

Kutsika kuchokera ku mapiri a Zóbuè kuli ngati kulowa m'ng'anjo pang'onopang'ono. Mitengo yobiriwira itha, milambe iyamba, mbuzi zili ponseponse. Tinadutsa Moatize, kumene akumba malasha, ndi kufika pa Zambezi dzuwa lili paliwombo. Mlatho wolenjekeka wa pa Tete, umene lero utchedwa Samora Machel, unamangidwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Wina watsopano unatsegulidwa kumunsi kwake mu 2014 kuti magalimoto olemera azidzera kumeneko. Amalume powoloka mu 1961 panalibe mlatho uliwonse, anakwera pantoni. Amayi ogulitsa madzi ndi nkhuku yootcha ankalankhula Chinyungwe, ndipo tinamvana nawo bwino lomwe popanda wotanthauzira. Bambo wina wachikulire amene tinakhala naye pafupi, amene kale anali dalaivala wa malole, anatikumbutsa kuti m'zaka za nkhondo ya m'Mozambique msewu womwewu ankaudutsa pamdipiti, asilikali a Zimbabwe ali kutsogolo ndi kumbuyo. Achinyamata a m'basimo ankangoyang'ana m'mafoni awo.

Titadutsa Nyamapanda kunayamba kuzizira. Tinaona mapiri a mwala wokhawokha a ku Mutoko dzuwa likulowa, ndi amayi atandanda ndi mabeseni a tomato m'mbali mwa msewu. Mu Harare tinalowa usiku. Msuweni wathu, mwana wachisamba wa amalume, anatichingamira atanyamula chithunzi chathu m'foni, pakuti maso ndi maso tinali tisanaonanepo. Chichewa chake n'chopunduka, koma mwambo wa chisuweni anaudziwa, chifukwa mawu ake oyamba kwa mayi anali akuti, "Iwe, wadza kudzatidyera nsima yathu?" Tinaseka tonse, ndipo ulendo unapepuka.

Amalume amakhala ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzinda, kumene pamodzi ndi Tafara kuli mabanja ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Nyumba ndi ya zipinda zinayi, ndipo mukhala iwo, msuweni ndi mkazi wake, ndi adzukulu asanu. Tinawapeza atakhala pa mpando, atavala jekete ndi tayi ngakhale inali nthawi yogona. Mayi anagwada pakhomo. Iwo anatambasula manja, nagwira nkhope ya mphwawo mofufuza, pakuti maso awo achita ng'ala, nati, "Mphuno iyi ndi ya mlongo wanga." Kenaka anatembenukira kumene kunamveka mawu a bambo: "Akamwini, mwayenda bwanji? Mwandisungira bwino mwanayu?" Apa mpamene tinazindikira kuti ulendowu sunachedwe ndi chaka chimodzi chokha.

Chichewa cha amalume n'cha masiku a Nyasalande, chosasakanizika, chonga madzi a pakasupe. Amawerengabe ndalama m'masheleni ndi mapaundi akamakamba zakale, ndipo amafunsa za anthu amene manda awo anamera kale mitengo. Adzukulu alankhula Chishona ndi Chingerezi. Amawatchula agogo awo kuti sekuru, mawu amene kumeneko atanthauza agogo aamuna ndi malume yemwe. Mtengwa wa pakhomopo, Mshona wa ku Murehwa, anatilonjera ndi kuwomba m'manja mwaulemu waukulu, natiphikira sadza, ndiyo nsima yawo, ya ufa wonga mgaiwa, ndi ndiwo zamasamba zothira chiponde. Tsiku lachiwiri anaphika ufa wa amayi ndi usipa wotendera. Amalume anadya mwakachetechete, osalankhula ndi munthu, mpaka mbale inayera.

Madzi a m'mipopi kumaloko sabwera kawirikawiri, choncho m'bandakucha uliwonse adzukulu ankapita ndi zigubu kumjigo. Tinadabwa kuona mumzinda waukulu chotere moyo wofanana ndi wa kumudzi kwathu, kungosiyana kuti kuno dimba ndi kamzere ka masamba kuseri kwa nyumba.

Madzulo ena amalume anatulutsa chitini cha mabisiketi chimene asungamo mapepala awo. Munali chitupa chawo, cholembedwa kuti iwo ndi mlendo, ngakhale akhala m'dzikomo zaka 63. Anayamba ntchito pa famu ya fodya, kenaka analowa m'fakitale mumzinda, kumene anapumira. Anatifotokozera za lamulo la unzika la mu 2001, limene linasiya ana ambiri a anthu obwera opanda dziko: ku Zimbabwe ankatchedwa alendo, ku Malawi sanalembedwepo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonza zina, pakuti anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe, kholo lake lili lochokera m'maiko a SADC, ndi nzika. Ndipo pa zilankhulo 16 zimene malamulowo azindikira, Chichewa ndicho chilembedwa poyamba. Msuweni anasintha chitupa chake. Koma dzina lonyoza lija lakuti mabhurandaya, lochokera ku Blantyre, adzukulu amalimvabe pa masewera a kusukulu. Pansi pa chitinicho panali ndalama zamapepala zakufa, ndipo imodzi inali ya madola 100,000,000,000,000, yotuluka kumayambiriro a 2009. "Penshoni yanga ndi imeneyi, akamwini," anatero. "Ndinagwira ntchito zaka makumi atatu kuti ndikhale mwini wa mazilo."

Masiku awiri tinawapatula kuti tikagule zotumidwa. Tinakwera kombi, ndiyo minibasi yawo, ndi mtengwa amene anadzipereka kutitsogolera. Harare ndi mzinda womangidwa mwadongosolo, misewu yake yotakata ndi yowongoka ngati mizere ya m'munda, ndipo ngakhale utoto wafwifwa pa nyumba zambiri, ulemerero wake uonekabe. Tinaima pa Africa Unity Square, tinayenda mu First Street, ndipo bambo sanafune kuchoka pa nyumba ya Eastgate, yotsegulidwa mu 1996, imene mmisiri wake Mick Pearce anaipanga motsanzira chulu cha chiswe, kuti mpweya uziyenda wokha ndi kuziziritsa zipinda. Mayi anati chiswe tili nacho chambiri ku Dedza, tiyeni ku nsapato.

Kugula malonda m'Zimbabwe kufuna mutu wozizira. Dziko lili ndi ndalama yake yotchedwa ZiG, imene inayamba mu Epulo 2024, koma pa masiku amene tinali kumeneko pafupifupi aliyense ankafuna dola ya ku Amerika. M'masitolo aakulu mitengo inalembedwa pawiri. M'timasitolo ting'onoting'ono ta kumunsi kwa mzinda zinthu zinali zotsikirapo, koma ankalandira madola okhaokha, ndipo ong'ambika ankawakana. Vuto lalikulu linali chenje. Dola ilibe makobili ake kumeneko, tsono mukagula chinthu cha masenti 70 akupatsani masuwiti, bolopeni kapena timapepala ta ZiG. Pofika masana chikwama cha mayi chinali ndi masuwiti okwanira Sande Sukulu yathunthu. Bambo ndiye anali mlembi: pa kapepala ka mwini aliyense ankalemba chogulidwa, mtengo wake ndi chotsala, pakuti ndalama yotumidwa ndiyo imadanitsa abale.

Nsapato za sukulu tinagula za Bata, zimene fakitale yake ili ku Gweru, mzinda womwe uja umene Dr. Kamuzu Banda anatsekeredwa m'ndende kuyambira mu 1959 mpaka 1960, pamene unkatchedwa Gwelo. Tinapeza mapoto a Kango opangidwa ku Bulawayo, ofanana ndendende ndi amene machona ankabwera nawo kale, amene ena akali m'makhitchini a agogo athu. Tinagula tiyi wa Tanganda wa ku Chipinge, ngakhale tinachita manyazi pang'ono kunyamula tiyi kupita naye ku dziko la Thyolo ndi Mulanje, wotuma sakanidwa. Mazoe tinagula mabotolo 6, ndipo kulemera kwake tinakumva ulendo wonse. Komatu tinene zoona kwa amene akonzekera ulendo wotere: masiku amene Halale inali sitolo ya maiko onse ozungulira anapita. Katundu wambiri m'mashelefu ndi wa ku South Africa ndi ku China, yemweyo amene tiona ku Limbe, ndipo titawerengetsa ndi dola pa masiku amenewo, zambiri kwathu zinali zotsika mtengo. Mabulangete awiri tinawasiya dala pa chifukwa chimenechi, ndipo ndalama zake zinabwerera kwa eni ake.

Tsiku lachiwiri tinapita ku Mbare, dera lakale la anthu akuda limene poyamba ndilo linkatchedwa Harari. M'menemo muli bwalo la Rufaro, kumene mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa pa ufulu wa pa 18 Epulo 1980. Msika wa Mbare Musika ungameze misika yathu ingapo. Muli milu ya tomato, kabichi ndi mbatata, matemba a ku Kariba, mphalabungu zazikulu zimene iwo azitcha madora, mankhwala azitsamba, makasu ndi mitondo. Chapafupi pali Mupedzanhamo, msika wa kaunjika, dzina lake litanthauza wothetsa mavuto. Mtengwa anatilangiza kuti tisatsegule pakamwa iye asanamve mtengo, chifukwa lilime la mlendo limakweza malonda. Koma pa benchi lina, mayi atanong'oneza bambo kuti, "N'zodula izi," wogulitsayo, mayi wa imvi, anadzuka nati, "Inu ndinu a kwathu! Kwanu n'kuti?" Bambo ake anali a ku Ntcheu, iye sanapondepo m'Malawi. Anatitsitsira mtengo, natiwonjezera mtedza wa basela, natigwira manja nthawi yaitali. Patangopita miyezi iwiri, mu Okutobala 2024, tinamva kuti moto wapsereza mbali yaikulu ya msikawo, ndipo tinakumbukira benchi lake.

Makina osokera tinawapeza, akale koma olimba, ndipo tinagwirizana ndi mwini wake kuti tidzawatenga m'mawa mwake. Usiku womwewo mayi anaona amalume akudula pakati m'bulu wa mankhwala ndi kampeni. Atafunsa mtengwa kukhitchini, iye anaulula motsitsa mawu kuti ndi mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo popeza agulidwa ndi madola, agogo amamwa theka, pena kudumphitsa tsiku, kuti akhalitse. Msuweni ntchito yake ndi ya maganyu a zomangamanga, ndipo si munthu wopempha. Tinakambirana pogona, monong'ona chifukwa khoma n'lopyapyala. Kunena zoona sizinali zopepuka. Makinawo tinawasungira ndalama zaka ziwiri. Funso lina linali la mapatsidwe ake, kuti mwini nyumba asaoneke wolephera pamaso pa mkazi ndi ana ake. M'mawa mayi anaitana msuweni kuseri nati, "Iwe, amalume ndi anga, si ako wekha. Ndiperekeze kogula mankhwala." Iye anayamba kukana, koma chisuweni chili ndi mphamvu yake. Tinagula a miyezi inayi monga mwa kalata ya dokotala, ndipo yotsala tinasiya kuti akawapimitse maso.

Lamulungu tinapita nawo kutchalitchi, mpingo wa pansi pa Sinodi ya Harare, imene inalowa mu C.C.A.P. m'chaka cha 1965 ndipo inayamba ndi anthu onga amalume omwewa. Nyimbo zinali za Chichewa, zolengeza zinali m'zilankhulo ziwiri. Okalamba ankaimba osayang'ana m'buku, ana ankatsata ndi chala.

Titaweruka, amalume anati tiwaperekeze kumanda. Anatitsogolera okha, dzanja lili paphewa la mdzukulu, mpaka pa chiliza cha azakhali, amene anatisiya mu 2016. Pamenepo mpamene mayi anagwada ndi kutula mawu onse amene anatumidwa: za munda, za dimba, za anyakwawa, ndi mwambi uja wa amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

"Mphwanga," anatero, "mlongo wanga wanena zoona. Palibe usiku umene sindilota phiri la Dedza. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Mkazi wanga wagona apa, ndipo malo a pambali pakewa ndinalipira kale ku bungwe lathu la maliro. Ana awa sadziwa kugwira khasu, ndipo ndikawasiya adzakhala a yani? Ndikapita kwathu ndikakhala mlendo wodyetsedwa, wofunsa dzina la mwana aliyense. Ukawauze anyakwawa kuti dimba lipite kwa mng'ono wako wamkazi amene akusamala amayi ako. Munda augawane ana a alongo anga, anyakwawa ali pomwepo. Umwini mbumba ndaupereka kwa mlongo wako wamkulu. Wakhala akuusenza kale popanda dzina, tsopano ausenze ndi dzina. Akamwini, mwamva inu, mukhale mboni."

Tinapempha kuti anenenso mawuwo kunyumba kuti tiwajambule pa foni, ndi kuwalemba papepala. Anavomera, nasayina ndi dzanja lonjenjemera, msuweni nasayina pansi pake. Kenaka anawonjeza chinthu chimene sitinatumidwe: anati mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 17, amene masiku onsewa ankatsatira mayi ndi kufunsa dzina la chinthu chilichonse m'Chichewa, adzabwere kumudzi akalemba mayeso ake, adzaone kumene agogo ake anachokera. Tinalonjeza kuti ya basi tidzatumiza ndife.

Pobwerera katundu anachuluka kuposa popita, monga zikhalira nthawi zonse. Pa Mwanza a msonkho anatsegula zikwama, nawerenga mabotolo ndi nsapato, ndipo malisiti amene bambo anasunga anatithandiza kuti tisachedwe. Kumudzi tinafika patapita masiku atatu, ndipo aliyense analandira katundu wake ndi kapepala kake ka chiwerengero. Chenje cha masuwiti chinapita kwa ana. Anyakwawa anamvetsera mawu a pa foni kawiri, mbumba yonse ili pabwalo, ndipo anaika tsiku lokaponda malire a munda mvula isanagwe. Amayi sanalankhule pabwalopo. Madzulo anatiitanira m'nyumba kuti timasule kamtolo kamene mlongo wawo anawatumizira. Munali bulangete latsopano, ndi chipewa chija anagwira m'manja kumanda. Anachinunkhiza, nachipachika pa msomali wa pamwamba pa chitseko, natifunsa ngati mtsikana uja amadya therere.